Msambo ukabwerera mwana akadali kubere: tisathamangire chitini

Zimayamba usiku, anthu onse pa yadi atagona. Mwana amene dzana lomweli amayamwa n'kugona bwinobwino, lero akungogwira bere n'kulilavula, kulira, kuligwiranso, kuliranso. Tikaligwira berelo tikumva kuti lapepuka, silikuthina ngati masiku onse. Nsonga zake zikuwawa ngati sabata yoyamba ija titangochira. Kukacha, polowa kubafa, mpamene tikuona chimene chikuchitika: msambo umene unatisiya titangoima uja wabwerera.

Tikadakhala kumudzi nkhaniyi ikadathera pakhonde. Sipakadalephera kupezeka azakhali kapena agogo amene adayamwitsapo ana asanu ndi mmodzi, oti atiyang'ane n'kutiuza kuti mtima m'malo, muikeni mwanayo kubere. Koma kuno ku Joni, ku Harare, ku Bulawayo kaya ku Mangalande, ambirife tili tokha m'kachipinda ka lendi. Abambo a mwana ali ku ntchito ya usiku, amayi athu ali kutali, ndipo mlangizi amene tili naye pafupi ndi foni. Tikafunsa pa gulu la WhatsApp mayankho amagwa ngati mvula. Wina akuti mkaka wasasa umenewo, musamupatse. Wina akuti mwana atsegula m'mimba. Wina akuti mukuvutikiranji achemwali, kuno n'kunja, mugulireni wa m'chitini. Pofika Loweruka chitini chili patebulo. Pakutha pa mwezi bere laumadi, ndipo timauza anzathu kuti msambo ndi umene unatiumitsira mkaka.

Koma zoona zake si zimenezo. Msambo ukhoza kuchepetsa mkaka kwa masiku ochepa, inde. Chimene chimaumitsa bere ndi zimene timachita masiku amenewo chifukwa cha mantha.

Umasoweranji, nanga umabwerera liti?

Mwana akamayamwa, thupi la mayi limatulutsa homoni yotchedwa prolactin, imene ntchito yake ndi kuuza bere kuti lipange mkaka. Kuyamwa komweko kumagonekanso mahomoni amene amakhwimitsa dzira mwezi ndi mwezi. Dzira likapanda kukhwima, msambo subwera. Ndiye mwana akamayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, msambo umachedwa. Akayamba kutalikitsa, thupi limadzuka n'kuyambiranso ntchito yake yakale.

Palibe tsiku limodzi la aliyense. Mayi amene sakuyamwitsa nthawi zambiri amayamba kusamba pakatha masabata 6 mpaka 8 atachira. Woyamwitsa akhoza kukhala miyezi 6 osasamba, wina chaka, wina kuposera apo. Aliponso ena amene amayamwitsa mwakathithi koma msambo n'kubwerabe mwana ali ndi miyezi iwiri kapena itatu. Onsewa ali bwinobwino, palibe amene walakwitsa. Msambo woyambawo ukhoza kukhala wambiri kuposa kale, wowawa, kapena wodumphadumpha kwa miyezi ingapo usanakhazikike.

Tisausokoneze ndi magazi a uchembere, aja amatuluka titangochira. Amenewo ndi chiberekero chimene chikudziyeretsa, ndipo amatha kupitirira mpaka masabata 6, akumachepa ndi kutuwa pang'onopang'ono. Kwa mayi woyamwitsa mwakathithi, azachipatala sawerengera ngati msambo magazi otuluka m'masiku 56 oyambirira.

Moyo wa kuno umaufulumizitsa msambo. Kumudzi mwana amakhala kumsana tsiku lonse, kumunda, kumjigo, kuchigayo. Akangoti nyee, bere lili pakamwa. Kuno mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amadzuka 4 koloko kuti akagwire takisi ya ku Sandton, kubwerako kuli mdima. Wosamalira okalamba ku Manchester amagwira maola 12 patsiku. Wogulitsa mumsewu amasiya mwana kwa mnzake wa pa yadi. Bere likamakhala maola ambiri chonchi osayamwidwa, msambo suchedwa. Nthawi zambiri timanamizira msambo, pamene chimene chabweretsa zonse ziwiri, msambowo ndi kuchepa kwa mkaka, ndi ntchito imene yatilekanitsa ndi mwana.

Chimachitika n'chiyani ndi mkaka?

Si amayi onse amene amaona kusintha. Ambiri amasamba mwezi ndi mwezi, mwana akuyamwa mpaka zaka ziwiri, osaona vuto lililonse. Koma ena amaona mkaka ukuchepa masiku angapo msambo usanayambe, mpaka tsiku loyamba kapena lachiwiri la msambowo. Ena amaona zimenezi pakati pa mwezi, nthawi imene dzira limatuluka. Apa n'kuti mahomoni ena awiri, oestrogen ndi progesterone, akukwera ndi kutsika, ndipo bere limamva nawo.

Kakomedwe ka mkaka kamathanso kusintha pang'ono: mchere umachulukirako, kutsekemera kumachepako. Mwana amazindikira msanga. Amakwinya nkhope, kusiya bere, n'kumatiyang'ana ngati tamulakwira. Nsonga za mabere nazo zikamawawa, mayi amamuchotsa msanga mosadziwa. Zonsezi zimatha zokha. Msambo ukayenda masiku awiri kapena atatu, mkaka umabwerera mwakale.

Chofunika kuchigwiritsitsa ndi ichi: mkakawo sunasase, sunawole, ndipo sunasakanikirane ndi magazi. Magazi a msambo amachokera m'chiberekero, ndipo palibe njira yochoka kumeneko kupita kubere. Mkaka wa mayi amene ali kumwezi uli ndi chakudya ndi chitetezo chimene mwana amafuna, ndipo sutsegulitsa m'mimba. Amene timasunga mwambo wosathira mchere m'ndiwo tikakhala kumwezi, tisunge ndithu, mwana sataya kanthu ndi zimenezo. Koma kumumana bere masiku anayi kapena asanu, ati podikira kuti tiyere, kumeneko ndiye kumupweteka mwana, komanso n'kuuza thupi kuti mkaka sukufunikanso.

Bere lili ngati chitsime cha pamchenga

Ambirife tikuchidziwa chitsime chokumba pamchenga wa mumtsinje m'chilimwe. Ukatunga madzi onse n'kudikira pang'ono, ena amadzaza. Ukachisiya osatunga, chimangokhala ndi omwewo, kenako chimakwiririka. Bere limagwira ntchito chimodzimodzi. Likamayamwidwa mpaka kufewa pafupipafupi, limapanga mkaka wambiri. Likamakhala lodzaza nthawi yaitali, limachepetsa.

Ndiye taonani mmene botolo limodzi limayambitsira nkhani. Mkaka wa m'chitini umakhalitsa m'mimba, mwana amagona maola ambiri osafuna bere. M'botolo mkaka umatuluka msanga popanda khama, ndiye akabwerera kubere amakwiya. Mayi akaona kukwiyako amati mwaonatu, ndilibe mkaka ine, n'kuwonjezera botolo lachiwiri. Msambo umatha, mahomoni amakhala m'malo, koma bere lalandira kale uthenga woti lichepetse. Mwezi wotsatira zibwerezanso, mabotolo akhala anayi. Umu ndi mmene vuto la masiku atatu limasandukira kuletsa mwana kuyamwa ali ndi miyezi inayi yokha.

Ndipo chitini si chinthu chotsika mtengo. Mwana wodalira mkaka wogula wokha amafuna makilogalamu pafupifupi 20 m'miyezi 6 yoyambirira, kutanthauza zitini 50 za magalamu 400. Ndalama imeneyo ikuchoka pa lendi, pa thiransipoti, ndi pa kangachepe kamene timatumiza kumudzi kuti agulire feteleza. Zikathina pakati pa mwezi, mpamene ena amachepetsa masipuni kuti chitini chifike tsiku la malipiro, mwana n'kumangomwa madzi otuwa. Pamafunikanso madzi owiritsa nthawi iliyonse ndi mabotolo owiritsa, pamene m'madera ambiri amene tikukhala mipope imauma ndipo magetsi amathima.

Sitikunyoza amene akugwiritsa ntchito mkaka wogula. Alipo amayi amene adokotala anawalangiza kutero, ena zinthu zinawakakamiza, ndipo ana awo akukula. Tikungoti chisankho chachikulu chonchi chisapangidwe pakati pa usiku chifukwa cha masiku ochepa a msambo.

Tiwerenge matewera, osati kulira

Mwana amalira pa zifukwa zambiri: kutentha, mpweya m'mimba, mano, tulo, kapena kungofuna kunyamulidwa. Kufewa kwa bere nako si umboni woti mkaka watha. Pakatha masabata 6 mpaka 12 mabere ambiri amasiya kuthina ndi kudontha chifukwa thupi laphunzira muyezo wa mwana. Kufinya n'kutuluka pang'ono si umboninso, pakuti mwana amakoka kuposa dzanja kapena pampu. Palinso nthawi zina, monga pa masabata 6 ndi pa miyezi itatu, pamene mwana amakula mofulumira n'kumafuna bere ola lililonse. Zimenezi zikakumana ndi msambo, mayi amangoti basi, kwatha.

Umboni weniweni uli m'thewera ndi pa sikelo. Mwana amene akukhuta amanyowetsa matewera osachepera 6 pa maola 24, mkodzo wake woyera, wosanunkha kwambiri. Matewera otaya a kunowa amamwa mkodzo osaonekera, ndiye tiziwanyamula m'manja n'kumva kulemera kwake, kapena tiike kapepala kofewa mkati. Poyamwa timvetsere ngati akumeza, ndipo tione ngati pomaliza manja ake akumasuka, thupi lonse n'kufewa.

Kenako tiyang'ane buku la sikelo. Ku South Africa ndi kabuku ka Road to Health, ku Britain ndi kabuku kofiira kaja, ku Zimbabwe ndi khadi la mwana. Mzere wa kulemera ukamakwera, mkaka ukukwana, kaya bere likuoneka bwanji. Tikakayika, tisadikire tsiku lathu la sikelo. Tipite anamwino akamuyeze. Paja safunsa adadya phula.

Zochita masiku amenewo

Mankhwala oyamba ndi mwana yemweyo. Timuike kubere kawirikawiri kuposa masiku onse, osayang'ana wotchi. Akamaliza bere limodzi timupatse linalo, akayamba kunyinyirika timubwezere loyamba lija. Akamayamwa koma osameza, tigwire bere ndi dzanja n'kulipanikiza pang'ono kuti mkaka uyende. Ngati akukana chifukwa cha kakomedwe, timuyese ali ndi tulo, kapena timuvule n'kumugoneka pachifuwa pathu khungu ndi khungu. Ana ambiri amatenga bere okha akakhala choncho.

Usiku tisaudumphe. Prolactin imakhala yambiri usiku, ndipo kwa ife ogwira ntchito masana, usiku ndi m'mbandakucha ndi nthawi imene bere limalipira ngongole ya tsiku lonse. Tsiku lopuma likakumana ndi msambo, zochapa zidikire kaye, tikhale ndi mwana.

Mwana akamaliza kuyamwa, tingathe kufinya bere lililonse kwa mphindi zisanu kapena khumi. Ngakhale atatuluka madontho okha, uthenga wafika woti mkaka ukufunikabe. Tizilembanso pa kalendala ya m'foni tsiku limene tayamba kusamba ndi masiku amene mkaka unachepa. Pakatha miyezi iwiri tiona kuti ndi masiku omwewomwewo, ndipo tikhoza kukonzekera: sabata imene mkaka uli wambiri tifinyeko pang'ono tsiku lililonse n'kusunga.

Mkaka wofinya umakhala maola anayi m'chipinda, masiku anayi mufiliji, mkatikati osati pachitseko, ndi miyezi 6 mufiliza. Magetsi akathima tisamatsegule filiji pafupipafupi. Pomupatsa mwana tiike kabotoloko m'madzi ofunda, osati mu microwave, ndipo wotsala ndi mwanayo amumwetse ndi kakapu kakang'ono kaukhondo. Kapu imatsukika mosavuta, komanso simuiwalitsa mwana bere.

Mwana wosakwana miyezi 6 tisamupatse madzi, tiyi, phala kapena timankhwala ta m'mabotolo togula pashopu. Zimangodzaza kamimba kake n'kuchepetsa kuyamwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limodzi ndi UNICEF amalangiza bere lokha miyezi 6 yoyambirira, kenako chakudya china pamodzi ndi bere mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Amene wadutsa miyezi 6 apitirize phala lake, koma masiku amenewa tiziyamba ndi bere, phala pambuyo.

Nanga mayiyo?

Mayi woyamwitsa amene wayambanso kusamba akutaya magazi, ndipo mwina anataya kale ambiri pochira. Magazi akachepa m'thupi pamabwera kufooka, chizungulire, mtima kuthamanga ndi kuyera m'zikhatho. Mayi wotopa chonchi sachedwa kugonja. Tidye zowonjezera magazi: chiwindi, nyama, mazira, nyemba, usipa kapena kapenta, ndi masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani ndi sipinachi. Tomato, lalanje kapena gwafa zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zakudyazi, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Bola timwe tiyiyo patapita ola limodzi. Ngati kuchipatala anatipatsa mapiritsi owonjezera magazi, tisawasiye m'kabati.

Thobwa, mahewu, phala lothira nsinjiro, zonsezi n'zabwino, zimapatsa mphamvu ndiponso zimathetsa ludzu. Koma palibe chakumwa chimene chingalowe m'malo mwa mwana woyamwa. Madzi timwe monga mwa ludzu lathu, kudzikakamiza mabotolo ambirimbiri sikuchulukitsa mkaka. Mowa, ngakhale ena amati umatsitsa mkaka, umachedwetsa kutuluka kwake ndipo umafika kwa mwana.

Za ululu wa m'mimba, paracetamol ndi ibuprofen, amene ambiri timawatchula kuti Panado ndi Brufen, sasemphana ndi kuyamwitsa tikamwa pa muyezo wake. Tipewe okhala ndi codeine kapena aspirin, ndipo tidziwe kuti ufa wa mutu wa m'timapepala umene umagulitsidwa m'ma spaza nthawi zambiri umakhala ndi aspirin. Tisamalenso ndi mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, amenewo amachepetsadi mkaka. Pogula mankhwala aliwonse, mawu oyamba kwa wogulitsa akhale oti ndikuyamwitsa.

Abambo nawo ali ndi gawo. Mkaka umatsika bwino mayi akadekha, ndipo nkhawa, ululu ndi kutopa zimaugwira. Bambo amene waphika nsima, wachapa matewera, wanyamula mwana kuti mayi agoneko ola limodzi, wachita zambiri kuposa amene wabwera ndi chitini m'jumbo. Ndipo apongozi akaimba kuchokera kumudzi kufunsa chifukwa chimene mdzukulu wawo akulirira, ndi udindo wa mwana wawoyo kuwayankha mwaulemu kuti kusikelo ati akukula bwino.

Ku ntchito

Malamulo a mayiko ambiri amene tikukhala amamuganizira mayi woyamwitsa, kungoti ambirife sitidziwa. Ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 linakhazikitsa tchuthi cha uchembere cha miyezi inayi, ndipo ndondomeko yotsagana nalo imati mayi apatsidwe mphindi 30 kawiri patsiku zoyamwitsa kapena kufinya mkaka, mpaka mwana atakwana miyezi 6. Ku Zimbabwe lamulo la Labour Act limapereka masiku 98 a tchuthi, ndi ola limodzi patsiku la mayi woyamwitsa, limene akhoza kuligawa pawiri. Ku Britain tchuthi chimatha kufika masabata 52, ndipo wolemba ntchito ayenera kupereka malo oyenera oti mayi woyamwitsa azipumirapo. Ku America lamulo la PUMP Act la 2022 limapatsa ogwira ntchito ambiri nthawi ndi malo obisika, osati chimbudzi, ofinyirapo mkaka mpaka mwana atakwana chaka.

Tikudziwa kuti ambirife tili pa ganyu yopanda kalata, ndipo kutchula lamulo pamaso pa abwana kumaoneka ngati kudzichotsa ntchito. Komabe kupempha mphindi 15 kawiri patsiku si chinthu chachikulu, ndipo mabwana ena amavomera akauzidwa kuti mwana woyamwa sadwaladwala, ndiye mayi sajombajomba. Pampu si yokakamiza. Manja osamba bwino ndi kabotolo kowiritsa kokhala ndi chivindikiro n'zokwanira. M'kachikwama kozizira kokhala ndi ayezi, mkaka umafika kunyumba uli bwinobwino.

Uthenga weniweni wa msambo

Pamene tikudandaula za mkaka, timaiwala chachikulu chimene msambo wabwera kudzatiuza: thupi lakonzeka kutenganso mimba.

Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambe kusamba. Zitatuzi zikakwanira, amayi 98 mwa 100 aliwonse satenga mimba. Chimodzi chikangochoka, chitetezo chatha. Choopsa china n'chakuti dzira limatha kutuluka masabata awiri magazi oyamba asanaoneke, kotero mayi akhoza kuima asanasambe n'komwe. Amene tabwerera ku ntchito, kapena tayamba kupereka botolo, tisadikire msambo.

Makolo athu ankadikira miyezi ingapo, mpaka akuluakulu atanena kuti mwana atengedwe, banja lisanayambirenso kukhalira pamodzi. Kuno anankungwi kulibe, chipinda n'chimodzi, ndipo kutumbiza sikuchedwa. WHO imalangiza kudikira miyezi yosachepera 24 kuchokera pochira tisanatenge mimba ina, kuti thupi la mayi libwerere ndiponso mwana ayamwe mokwanira.

Posankha njira yolera tiwauze anamwino kuti tikuyamwitsa. Mapiritsi okhala ndi oestrogen akhoza kuchepetsa mkaka, makamaka miyezi yoyambirira. Jakisoni, kachipangizo ka pamkono, lupu, mapiritsi a progestogen yekha ndi makondomu zimayenda bwino ndi kuyamwitsa. Ngati mkaka unachepa titangoyamba mapiritsi, tibwerere kuchipatala akatisinthire, tisangosiya patokha. Tidziwenso kuti jakisoni ndi kachipangizo ka pamkono zimatha kubweretsa timagazi todonthadontha kapena kuimitsa msambo, ndipo zimenezo siziwononga mkaka.

Mkaka ukachepa osabwereranso, nsonga za mabere zikuwawabe, msambo wotsatira osaoneka, tiyezetse mimba. Mimba imachepetsadi mkaka, ndipo kuyamwitsa pafupipafupi sikuubweza ngati mmene zimakhalira ndi msambo. Zikapezeka kuti taima, tisamuchotse mwana kubere tsiku lomwelo ati mkaka wasanduka poizoni. Mkakawo ndi wabwinobwino. Tikambirane ndi anamwino za mmene mwanayo azidyera, makamaka ngati sanakwane chaka, ndiponso ngati tinachirapo masiku osakwana.

Kwa ife amene tikumwa ma ARV, msambo susintha kanthu. Ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi kwathu ku Malawi malangizo ndi oti timwe mankhwala tsiku lililonse osadumphitsa, tiziyezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndipo mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyambirira. Ku Britain malangizo ndi osiyana, amalimbikitsa mkaka wogula. Aliyense atsatire chipatala chimene chikumuona, osati zimene mnzake wa dziko lina walemba pa foni.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Pali zizindikiro zosafunika kudikira. Kwa mayi: kunyowetsa padi ola lililonse kwa maola awiri kapena kuposerapo, magazi a mibulu ikuluikulu, msambo wopitirira masiku 7, chizungulire, kutentha thupi, kapena zotuluka zonunkha. Bere likatupa, kufiira, kutentha ndi kupweteka, thupi likuphwanya ngati malungo, tipite tsiku lomwelo, ndipo tisasiye kuyamwitsa kapena kufinya. Kwa mwana: matewera ouma, mkodzo wachikasu kwambiri, pakamwa pouma, kufooka moti sakudzuka kuti ayamwe, kapena liwombo kulowa. Liwombo lolowa ndi chizindikiro choti madzi achepa m'thupi, si nkhani yopaka mankhwala pamutu.

Ena timaopa chipatala chifukwa cha mapepala. Ku South Africa, mu April 2023, khothi lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 ali ndi ufulu wolandira thandizo laulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko limene achokera kapena mapepala amene ali nawo. Tikudziwa kuti pazipata zina pamakhala zokhoma, komanso mawu olasa. Tipite awiriawiri, titenge buku la sikelo, ndipo tikabwezedwa pamodzi tiyese pena. Palinso MomConnect, imene unduna wa zaumoyo wa dzikolo unayambitsa mu 2014, yotumiza mauthenga aulere pa foni kwa amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono. Ku Britain kuli ma health visitor, amene ntchito yawo ndi yomweyi, ndipo mayi akhoza kuwaimbira osadikira kuti abwere okha.

Azakhali a kuno ndi ife tomwe

Mu mpingo uliwonse wa kwathu kuno, kaya ndi ku Mvano, ku Chigwirizano, ku Dorika kapena ku gulu la amayi a kumzikiti, muli amayi amene adadutsamo m'zimenezi kangapo. M'chipereganyu chilichonse muli wina amene mwana wake adayamwa mpaka kuyenda, mayi ake akusamba mwezi ndi mwezi. Koma nkhani ya kumwezi timaichitira manyazi, ndiye mtsikana amene wachira koyamba amakaifunsa kwa anthu osawadziwa pa intaneti, kapena osafunsa n'komwe.

Timuuziretu akadali ndi mwana wa mwezi umodzi: tsiku lina mudzasamba, mwina mkaka udzachepa pang'ono, mwana adzavuta masiku awiri kapena atatu, musadzaope. Ndipo uthenga wake ukadzalowa pa foni 2 koloko usiku woti achemwali, mkaka wanga watha, tisadzayambe ndi dzina la chitini. Tidzamufunse kuti mwana wanyowetsa matewera angati lero. Akadzati asanu ndi limodzi, tidzamuuze amubwezere kubere, mawa tibwera ndi thobwa, ndipo Lolemba tiperekezana kuchipatala, mwana akakwere sikelo, mayi akasankhe njira yolera.